Golf ija yathamanga ku Killarney

Moni abale anga, kulikonse komwe mukundimvera, kaya muli mu takisi yopita kuntchito, kaya mukusita zovala za abwana ku Table View, kaya muli kumudzi mwabwereka foni. Mawu asasa chifukwa dzulo ndinakuwa kwambiri. Ndikujambula ndili m'galimoto poti ana akugona, ndipo nkhaniyi sindikanatha kuisunga mpaka Loweruka.

Golf ija yathamanga. Ija munkandiseka nayo kuti ndagula khola la nkhuku. Dzulo Lachitatu usiku ndinalowa nayo ku Killarney, bwalo la mpikisano wa galimoto kuno ku Cape Town, ku Robot Racing, komwe galimoto ziwiri zimanyamukira limodzi magetsi obiriwira akayaka, ndipo mnyamata wa Polo yonyezimira anangoona magetsi anga akumbuyo.

Amene mumakhala ku Dunoon mukudziwa kuti phokoso la ku Killarney limalowa mpaka m'nyumba. Nditangofika kuno ndinkagona ndikumvetsera, n'kumasiyanitsa ndekha mumdima: iyo ndi V8, iyo ndi turbo, iyo injini yake sifika Khrisimasi. Makutu amenewa anandipatsa ndi amalume ku Ndirande, pa galaja yopanda denga pomwe injini tinkaitsitsa ndi chingwe chomangirira pamtengo. Iwo ankamva kuti bering'i yatha galimoto isanakhote n'komwe kulowa pamalo pawo. Dzulo ndinawakumbuka kwambiri.

Galimoto yake ndi Citi Golf, zija anasiya kupanga ku Uitenhage mu 2009. Ndinaigula injini itafa, pansi pali dzimbiri. Ndinaikamo injini ya 2.0, cam ina, branch (mapaipi otulutsa utsi mu injini) yowotcherera ndekha, ndi kabokosi ka Dictator koyendetsa mafuta ndi moto. Mpando wakumbuyo ndinachotsa, tayala la sipeya limatsala kunyumba. Vuto la Golf ndi loti imakoka ndi matayala akutsogolo, ndiye ukanyamuka mwamphamvu kulemera konse kumathawira kumbuyo, kutsogolo n'kupepuka, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Anthu amathamangira kuwonjezera mphamvu za injini, koma mphamvu zosafika pansi ndi utsi chabe. Ine ndinalimbitsa kumbuyo kuti isamakhale pansi ponyamuka, ndipo ndikafika pamalopo ndimaphwetsako pang'ono matayala akutsogolo kuti agwire phula. Mwendo wakumanzere ndiwo umapambanitsa. Ukaitaya klatchi mwadzidzidzi, CV joint, chitsulo chopereka mphamvu ku tayala, imatsala pomwepo.

Tsono abwana anga. Iyi ndiye yandipweteka, ndipo ndiinene pompano ndisanafike pa mpikisanowo. Galimotoyi ndakhala ndikuikonzera pa galaja yawo tikaweruka, iwo atavomera ndi pakamwa pawo. Zitsulo ndimagula ndi ndalama zanga, zotsala ndikatumiza za kumudzi pa Mukuru. Kumapeto kwa mwezi wathawu ndinapeza malipiro aperewera, ati za magetsi ndi malo. Ndinangoti chabwino, kuno n'kwa eni. Dzulo ndikuchokera kwa oyendera galimoto, ndapeza bambowa amata chomata cha galaja yawo pa galasi langa lakumbuyo, aima pambali pake manja m'thumba, akuuza anthu kuti "tapanga ndife, mnyamata wanga ndiye ayendetsa". Mnyamata! Ine wa ana awiri, imvi zayamba kale m'ndevu. Bambo amene sanagwirepo ngakhale sipanala ya 13 pa galimoto imeneyi. Ndinachimata? Sindinachimate ine, ndiye ndinachimatula iwo akuona, n'kuwapatsa m'manja mwaulemu wonse. Inu nonse amene mumaphika chakudya chotchuka ndi dzina la wina, amene mumamanga mpanda wina n'kukajambulitsa pamenepo, mukudziwa chomwe chinali mumtima mwanga.

Komano mlamu wanga wa ku Mangochi! Wabwera kumene, aka kanali koyamba kuona zoterezi. Kutsogolo kwathu kunali Nissan 1400, kabaki kakang'ono kaja, mwini wake akutenthetsa matayala akumbuyo, utsi tolo. Mlamu anangoti "Moto! Moto!", n'kutola chigubu cha madzi akumwa, liwiro. Anachita kumugwira malaya ndi anyamata a ku Mitchells Plain, akuseka mpaka misozi. Atamulongosolera kuti tayala lotentha limamata pansi, anafunsa mtengo wa tayala limodzi. Atamva, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati ndalama imeneyo kwawo agula ukonde. Usiku wonse anyamatawo ankamugulira tiyi. Ndipo kabaki kameneko musakaderere, kali ndi turbo, kanandisiya kutali ndipo ndinapita kukamugwira chanza mwini wake. Munthu wodziwa ntchito ndimamulemekeza.

Ndinali pati? Eya, pamzere. Chisoti kumutu, mawindo otseka, thukuta. Kumanja kwanga Polo ija, mnyamata akuponda mafuta kuti ndichite mantha. Pamenepo sumva khamu, sumva chilichonse, maso ali pa magetsi basi. Atayaka obiriwira iye anaitaya klatchi yonse, matayala ake n'kuyamba kulira, ine ndinatuluka mwakachetechete ngati bwato lochoka padooko m'mamawa. Giya yachiwiri inalowa bwino, yachitatu Golf inakuwa mawu amene ndakhala ndikuwafuna chigulireni. Drag yeniyeni, mpikisano wothamanga molunjika, ndi mamita 402 okha, amene mumathamangitsa njinga za kabaza mungati palibepo mtunda, koma zonse zimene unamanga bwino kapena molakwika zimaonekera pomwepo. Ndipo anzathu a ku Johannesburg amene mumanditumizira mauthenga kuti ndibwere ku bwalo la mpikisano la Tarlton, ndibwera, koma dziwani kuti inu muli pamtunda wopitirira mamita 1,700, mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imafooka kumeneko. Kuno kunyanja imapuma mokwanira.

Tsopano achinyamata, khalani pansi ndikuuzeni. Ndikudziwa ena mwa inu mumapita usiku ku N1 kukapanikizana pamsewu wa anthu onse. Siyani. Ndikunena ine wokonda liwiro kuposa nonsenu. Mzinda uno uli ndi Ghost Squad, amayenda pa galimoto zopanda zizindikiro, ndipo akakugwira mnzako wobadwira konkuno amayankha mlandu wa pamsewu, iwe umayankha iwiri. Akafunsa laisensi amafunsanso pepala lina lija. Nkhani yoyamba ndi liwiro imakathera ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndipo amayi ako kumudzi amene amadikira uthenga wa ndalama pa 30 adzamva kuti mwana akubwera chimanjamanja. Izo n'zochepa. Pamsewu pali munthu wochokera ku shifiti ya usiku, mwina mlongo wako yemwe, akuwoloka ndi chikwama chake. Ukamugunda udzanena chiyani? Ndipo ukafa iweyo, ndife amene timayenda khomo ndi khomo, gulu ndi gulu la pa WhatsApp, kusonkha ndalama zoti thupi lako likwere galimoto kudzera ku Beitbridge, Tete, mpaka Mwanza. Tanyamula mabokosi okwanira, abale. Tsoka silinunkha. Ku Killarney umalipira pageti, galimoto amaiyendera, nonse mukulowera kumodzi, ndipo chikachitika chinthu othandiza ali pomwepo. Ngati ndalama ya pageti ikukukanika, ndiye kuti ya loya sungaikwanitsenso. Bwera udzakwere nane, udzagwire jeke, udzaphunzire kuyeza mpweya wa matayala.

Kunyumba mayi a ana amati ndalama zimene zalowa m'galimotoyi zikanafolera nyumba ku Chileka. Malata ndigula, ndinalonjeza ndipo ndichita. Koma munthu sungakhale zaka zonsezi m'dziko la eni ukungodzuka, kugwira ntchito, kutumiza, kugona. Payenera kukhala chinthu chimodzi chimene ukachiloza umati ichi n'changa, ndinapanga ndi manja awa.

Lero m'mawa abwana sanandiyankhe moni. Zilibe kanthu. Anthu awiri anatenga nambala yanga dzulo, mmodzi ali ndi Jetta yoti ndiione Lamlungu, ndipo ndikaionera pabwalo la kunyumba kwanga. Amene muli ndi jeke yaikulu yobwereka mbali ya Dunoon kapena Joe Slovo, ndilembereni lisanafike Loweruka. Ndikulipirani.