Malo a kurso ya boma sagulidwa pa foni

Zikomo a Nyakwawa, zikomo a sekeretariyo a bayiro, amayi ndi abambo, nanunso anyamata muli kumbuyoko sendererani kuno chifukwa nkhaniyi ndi yanu.

Zomwe zachitika kuno ku Ulongue, m'chigawo chathu cha Tete ku Mozambique, mwazimva kale. Ana athu angapo analandira uthenga pa WhatsApp kuti kampani ina ya malasha ku Moatize mogwirizana ndi boma ikufuna achinyamata oti iwaphunzitse ntchito uku akulandira kangachepe, koma ayambe atumiza ndalama ya "malo" pa M-Pesa. Makolo anagulitsa matumba a mbatatesi, wina mpaka mbuzi, ndalama zinapita, ana anakwera shapa, minibasi zathu zija, makilomita oposa 200 kudutsa Mussacama mpaka ku Tete, kufika pa geti mlonda akuti ife za zimenezo sitikuzidziwa. Nambala ija kuyimba, yozima. Ana anagona pa siteji ndi kutentha kwa ku Tete kuja, yobwerera alibe.

Ndiye mvetsani, malo a maphunziro a boma sagulidwa pa nambala ya foni ya munthu. Kaya ndi M-Pesa, kaya e-Mola, kaya mKesh, ngati dzina lotuluka potumiza ndi la munthu, lekani pomwepo.

Komatu thandizo lenileni lilipo ndithu. Kale kunali INEFP, bungwe la boma loona za ntchito ndi maphunziro a ntchito, mu 2016 boma linaligawa pawiri. Kuli IFPELAC, iyi ndi yophunzitsa ntchito zamanja, zamagetsi, kuwotcherera, zamipopi, umakaniko, ukalipentala, kumanga, kusoka, makurso a miyezi yochepa chabe ndipo kumapeto umatenga setifiketi. Kwinaku kuli INEP, iyi ndi ya ntchito, ndi komwe munthu amakalembetsa kuti ine ndikufuna ntchito, ndiponso ndi omwe amalumikiza achinyamata ndi makampani kuti akachite estajiyo, kuphunzira ntchito uli pa ntchito pomwepo. Estajiyo ina imakhala ndi kandalama, ina ilibe, funsani musanasayine, musamangoganiza kuti mwezi ukatha muona kanthu. Nthawi zina omaliza kurso amapatsidwa kiti, ndiye kuti zida zoyambira, makina owotcherera kaya osokera. Ndipo apa ndikudandaulireni anyamata, ndinaonapo ndi maso angawa makina atsopano, pulasitiki isanachotsedwe n'komwe, ali pa msika akugulitsidwa mtengo wa nkhuku zingapo, mwini wake akufuna foni yaikulu. Zimawawa zimenezo, mnzake amene akanawagwiritsa ntchito anatsala pa mndandanda.

Kurso ina ya boma imakhala ndi ndalama yolembetsera, inde, koma imalembedwa pa chidziwitso chomatidwa pa khoma la ofesi, chokhala ndi karimbo, chidindo cha ofesi, ndipo ukalipira amakupatsa lesibo, kapepala kosonyeza kuti walipira. Palibe lesibo, palibe karimbo, musatulutse olo metikali imodzi. Sagulitsa malo pa foni.

(Mayi wina: Nanga ife ana athu anaphunzira ku Malawi, BI, chitupa cha unzika chija, alibe, tipange bwanji?)

Eya mayi, mwafunsira anthu ambiri, khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino. Kuno kumalire ana ambiri sukulu anayendera ku Dedza kaya ku Ntcheu chifukwa ndiyo inali pafupi, si mlandu umenewo. Koma ku ofesi ku Tete chinthu choyamba kufunsa ndi BI. Ndipo BI siyituluka ngati mwana sanalembedwe kubadwa kwake, ndiye muyambire ku Registo Civil konkuno, mutenge pepala la kubadwa, kenako mupite nalo kwa a Identificação Civil, opereka BI, akamujambule. Zimatenga nthawi mayi, nchifukwa chake ndikuti yambani pano, osadikira mumve pa wailesi kuti kulembetsa kutseka Lachisanu ndiye muziti pikitipikiti, nthawi imeneyo ndi yomwe akuba aja amakupezani mutapanikizika nkukuuzani kuti tipatseni kangachepe tikudutsitsani. Setifiketi ya ku Malawi nayo imafunika ekivalensiya, kuti a zamaphunziro a kuno avomereze kuti ikufanana ndi kalasi yakuti, kafunseni ku ofesi ya maphunziro ya distrito akuuzani koyambira. Ndiye pali ichi chomwe anthu sakonda kumva, kursoyo amaphunzitsa m'Chipwitikizi. Mwana akhoza kukhala ndi manja abwino zedi koma ngati sakumva zomwe mphunzitsi akunena za waya wa magetsi avutika, mwinanso kudzipweteka. Miyezi yomwe mukudikira BI imeneyi azikhala ndi anzake odziwa Chipwitikizi, azimvera Rádio Moçambique, asachite manyazi kulankhula chothyokathyoka. Ndipo musanene kuti uyu ndi wamkazi za magetsi sangathe, atsikana amatengedwa ndithu, mlekeni akayese. Chimene sindikufuna mayi, wina asakuuzeni kuti ndikupangirani BI yachidule kaya setifiketi yogula. Ikagwidwa wolowa m'mavuto ndi mwana wanu, wokugulitsaniyo adzakhala atasowa.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mvula ikubwera, ndithamange.

Zofunika polembetsa ndi izi: BI ikhale yosatha ntchito. NUIT, nambala ya msonkho ija, katengeni ku ofesi ya msonkho, ndi yaulere, wina asakulipiritseni. Setifiketi ya sukulu mupange makopiya nkukawadinditsa ku notariyo, yeniyeniyo sungani kunyumba m'pulasitiki musasiyire munthu. Zithunzi zing'onozing'ono zija. Amene mwakwana zaka 18 kalembera wa usilikali amachitika Januwale ndi Febuluwale, kapepala kake kamafunsidwa m'malo ambiri, musakataye. Kalata ya a sekeretariyo yosonyeza komwe mukukhala. Musanakwere shapa pitani kaye ku ofesi ya maphunziro ndi achinyamata ya distrito konkuno mukafunse ngati kulembetsa kwatsegulidwadi, nthawi zina aphunzitsi amabwera okha m'madistrito ndi galimoto yophunzitsira ndiye ulendo wa ku Tete sufunikanso. Mukapita ku Tete lowani mu ofesi mwenimweni, osati kukambirana ndi munthu pansi pa mtengo panja pa geti, ndipo mudziwiretu kokagona chifukwa si kurso iliyonse ili ndi malo ogona. Nambala yomwe mwalemba pa fomu isamasinthidwesinthidwe, ena amaitanidwa foni ili ndi mlamu wawo ku dimba.

Uthenga wopempha ndalama ukabwera musaufufute, kauwonetseni ku polisi pamodzi ndi nambalayo, ndipo musautumize m'magulu a mpingo. Amene mulibe BI tsalani pang'ono a sekeretariyo alembe mayina, Lolemba tipitire limodzi ku Registo.