Makalata a omvera: filimu ya ku Japan ya wosambitsa maliro ija

Tabweranso omvera, lero makalata alipo awiri onse akukamba za filimu ya Okuribito, ena mumaidziwa kuti Departures.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Chilomoni, akuti: "Achimwene, ine chandizunguza mutu ndi mkazi uja. Bambo ntchito inatha, apeza ina ya ndalama zabwinobwino, iye nkuthawira kwawo ati bambowo adetsedwa poti akugwira mitembo. Nanga maliro azisambitsa ndani?"

Zikomo mayi. Kwa amene simunaonere, filimuyi ndi ya 2008, anaikonza Yojiro Takita ndipo mu 2009 inawina mphoto ya mafilimu ya Oscar. Mwamunayo, Daigo, ankaimba cello (chida changati vayolini koma chachikulu) ku Tokyo, gulu lawo litatha anabwerera kwawo ku Yamagata nkuona ntchito munyuzi, iye kumayesa ndi kampani ya zamaulendo kumene ulendo wake ndi wosabwerera uja. Wogwira ntchitoyo amamuti nokanshi, ntchito yake kupukuta thupi, kuliveka, kukonza nkhope kenako nkuliika mubokosi achibale ali pompo akuonerera, koma mochenjera moti thupi silionekera ayi.

Ndiye mkaziyo musamuweruze msanga mayi. Mu chipembedzo cha Shinto imfa imatengedwa kuti imadetsa munthu, nchifukwa chake ena akachoka kumaliro amadziwaza mchere asanalowe m'nyumba, ndipo kalekale anthu ogwira mitembo ndi zikopa ankasalidwa, mpaka zidzukulu zawo tsankho likuwatsatabe. Ine zimandiwawa ndithu, ntchito aliyense adzaifuna tsiku lina koma mwini wake kumuda dzanja. Mkaziyo anadzasintha ataona yekha mmene mwamuna wake anakonzera thupi la mayi wina, mwini malo osambirako anthu.

Yachiwiri ndi ya bambo wina ku Mchinji: "Kodi nzoona kuti kumeneko saika m'manda ngati ife?"

Nzoona bambo, oposa 99 pa 100 alionse amawotchedwa. Zikatha achibale amatola mafupa ndi timitengo kuyambira kumapazi kukathera kumutu nkuika mumtsuko, mtsukowo ndi umene umapita kumanda. Nde mukadzapitako musadzapatsirane chakudya pa timitengo todyera tija, anthu amakumbuka maliro.

Mukafuna yosekako pang'ono sakani filimu ya Ososhiki ya Juzo Itami ya 1984, muli banja lomwe likuonera vidiyo yophunzitsa zoyankhula pamaliro poti mwambo onse anaiwala. Tiyeni timve kanyimbo kaye.