Penti ya pansi pa boti ndi makorali oyera aja

Amayi ndi abambo, kanema wa makorali oyera mbee uja wazungulira pa WhatsApp, ndipo ena mwayamba kale kunena kuti wina anathira jiki m'nyanja. Ayi ndithu. Korali si mwala, ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala ndi ndere m'thupi mwake. Nderezo ndi zimene zimaphikira tinyamato chakudya ndi dzuwa, ndi kupatsa korali mtundu. Madzi akatentha kuposa nthawi zonse ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, korali amalavula ndere zija. Kuyera kuja ndi njala. Mu Epulo 2024 bungwe la ku America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linalengeza kuti izi zachitika padziko lonse kachinayi. Koyamba munali mu 1998.

Kutenthako ife sitingakuzimitse. Koma ambirife kuno ku Durban timapala maboti, ndipo penti ya pansi ija ili ndi kopa, ndiye kuti mkuwa. Anaiikamo dala kuti izipha chilichonse chofuna kumata pa boti. Fumbi lake lisalowe m'madzi. Korali amafuna ayironi ndi manganizi pang'ono zedi, monga mchere m'ndiwo, koma kopa akachuluka pang'ono chabe, mazira a korali sagwira, ndipo wofooka kale ndi kutentha uja amavutika kuchira. Lisalowe m'madzi, ndabwereza.

Mwati bwanji achimwene? Kuti makorali ali ku Sodwana, kutali kumpoto? Zoona, ndipo mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas umayenda kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndiye fumbi lathu silikwera kupita kumeneko. Koma kumwera kwathuku, pafupi ndi Umkomaas, kuli miyala ya pansi pa nyanja yotchedwa Aliwal Shoal, ndipo kumenekonso kuli makorali. China, kopa sawola. Amakhazikika m'matope a padoko, nkhono ndi nyongolotsi n'kumadya, nsomba n'kudya zimenezo. Nanga Lamlungu amene amaponya mbedza padokopo ndani? Si ife tomwe? Tsiku lina ndinaona mnyamata akutsukira fumbi lofiira m'ngalande ndi payipi, akuimba mluzu, magolovesi ali m'thumba. Dzina sindimutchula, akudzidziwa yekha, wakhala kumbuyoko.

Ndaona ena mukuyang'ana mawotchi, ndifulumire. Yalani pulasitiki pansi musanayambe kupala, nyowetsani popalapo, sesani fumbi muike m'chigubu chotseka, valani masiki, mabatire akale asaponyedwe m'madzi. Abwana akati tsukirani m'ngalande, afunseni mwaulemu komwe kuli mgolo wa zinyalala zoopsa. Fumbi lija lisalowe m'madzi. Amayi a tiyi, bwerani nazo.