Amalume, musanasaine za nyumba ya ku Kempton Park, tamverani kaye

Amalume, mwaswera bwanji? Ndati ndijambule mawu, zolemba zingatalike. Amayi andiuza kuti ejenti wapeza munthu wofuna nyumba ija pa R2.4 miliyoni, ndiye chonde cholembera chikhale pansi kaye mpaka mumve izi.

Nkhani yaikulu ndi msonkho. Poti munabwerera kumudzi, a SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, sakuwerengeraninso ngati wokhala ku South Africa. Lamulo lawo, Section 35A, limati mwininyumba wokhala kunja akagulitsa pamtengo woposa R2 miliyoni, 7.5 peresenti idulidwe n'kupita ku SARS ndalama zisanamufike. Mumvetse apa amalume, sadula pa phindu ayi, amadula pa mtengo wonse. Pa yanuyo ndiye kuti R180,000 ipita musanaione n'komwe. Sikuti yatayika, ili ngati chikole. Mukadzatumiza fomu ya msonkho ya chakacho adzawerengera msonkho weniweni wa phindu, umene kwa munthu payekha supitirira 18 peresenti ya phindulo, zotsalazo n'kukubwezerani. Koma kudikira ndalama ya ku SARS muli ku Lilongwe, eee, mutopa nako.

Njira ilipo. Pali fomu ya NR03 yopemphera kuti adule zochepa, kapena asadule n'komwe ngati phindu ndi lochepa. Imafunika ipite msanga, mukangogwirizana ndi wogula, osati nyumba itachoka kale m'dzina lanu. Ndiye usiku uno tsegulani sutikesi ya mapepala ija. Fufuzani pangano lomwe munagulira, malisiti a loya wa nthawi imeneyo, a mpanda, a galaja munawonjezera ija. Zomanga zowonjezera amazichotsera pa phindu. Kupenta ndi kumata denga lodontha sawerengera, musavutike nazo. Ndipo ngati simunawauze a SARS kuti munasamuka, yambani ndi zimenezo.

Za loya wosintha umwini, amene kumeneko amati conveyancer: amalipira ndi wogula, koma mwambo wake wosankha ndi inu wogulitsa. Ejenti akakubweretserani wake musachite manyazi kukana. Funsani ngati anagwirapo nkhani ya munthu wokhala kunja. Akayamba kuzengereza poyankha, sakani wina.

Kusaina simufunika kukwera basi mpaka ku Joni. Loyayo akutumizirani power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu yokuimirirani, ndi mapepala ena, koma musasainire kunyumba, kapena kwa amfumu, kapena kupolisi, zikakanidwa. Imbani ku High Commission ya South Africa ku Lilongwe akupatseni tsiku, mukasainire pamaso pawo mutatenga pasipoti. Kenako mapepala enieniwo, a inki, muwatumize pa kuriya. Ku Deeds Office, ofesi yolembetsa umwini wa nyumba, chithunzi cha pa WhatsApp sachilandira.

Ngati ngongole ya nyumba ku banki sinathe, alembereni mawa lomwe kuti mukugulitsa. Amafuna kudziwitsidwa masiku 90 pasadakhale, apo ayi amakulipiritsani chindapusa. Satifiketi ya magetsi ndi yanu kulipira, waya wamagetsi wa pampanda uja ali ndi yakeyake, ndipo khonsolo ya Ekurhuleni sipereka kalata yoti mulibe ngongole mpaka mutalipiriratu miyezi ingapo yakutsogolo. Ndalama imeneyi mukhale nayo padera, imatuluka m'thumba mwanu musanalandire kalikonse. Alendi aja nawonso, pangano lawo silitha chifukwa nyumba yagulitsidwa, wogula adziwiretu kuti muli anthu.

Tsopano kuti ndalama zifike kuno. Zimadutsa kubanki basi, ndipo banki idzafunsa komwe munapeza ndalama zogulira nyumbayo ndi umboni woti ku SARS mulibe mlandu. Wina akakuuzani kuti mumupatse marandi iye akupatsani makwacha kuno pa reti yabwino, mukaneni. Ndalama zochuluka chonchi zopanda pepala, mudzalephera kufotokoza mbali zonse ziwiri.

China, akuba amalowerera maimelo a maloya n'kusintha nambala ya akaunti. Nambala yanu muitsimikizire ndi loyayo pa foni, pakamwa, manambala amodziamodzi, ndipo mumuuze kuti imelo iliyonse yonena kuti mwasintha akaunti asaikhulupirire.

Mundijambulire pepala la ejentiyo masamba onse, makamaka pamene alemba komishoni. Ndikufuna ndione ngati VAT ya 15 peresenti ili m'kati kapena adzaiwonjezera pamwamba. Moni kwa onse kunyumbako.