Uphungu wa kusukulu ndi mwambo wathu wa mbumba

Mafumu, makolo ndi amayi a Mother Group kuno ku Chinsapo, zikomo chifukwa chobwera. Nonse mwamva za mtsikana wa Sitandade 7 amene anasowa m'kalasi milungu itatu, ndipo titamufunafuna tinakamupeza pamsewu atakhala pafupi ndi beseni la mandasi, mlongo wake ali kusukulu, chifukwa kunyumba anati ndalama ya yunifolomu ikwanira mwana mmodzi. Ndikunena poyera kuti zinthu zikavuta pakhomo, mwana wamkazi asakhale woyamba kusiya sukulu.

Ine monga mphunzitsi wopereka uphungu ndinapita kwa atsibweni ake, poti kwathu kuno iwo ndiwo eni mbumba, ndipo ndinawafunsa kuti mbumba yawo idzayenda bwanji ngati amene adzakhale mayi wa fukolo sangathe kuwerenga zolembedwa m'buku la kusikelo. Anawerama nthawi yaitali, kenako anatulutsa ndalama ya kabaza ya tsiku limenelo. Lero mwanayo wabwerera m'kalasi.

Ndamva, agogo, mukuti zofanana pakati pa anyamata ndi atsikana nzachizungu zobwera ndi mabungwe. Ndiloleni ndikuyankheni mwaulemu. Ufumu wa Achewa umatsata mzere wa mayi, ndipo posankha mfumu amayi akuluakulu a m'banja amakhala ndi mawu. Kodi tingapatse amayi udindo wotere kwinaku tikuwamana ana awo aakazi maphunziro? Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambirimbiri a ana pogwiritsa ntchito mphamvu za ufumu wake. Boma nalo mu 2017 linasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Inunso abambo amene mumaseka mnyamata akamatsuka mbale, mukutibwezera m'mbuyo, chifukwa mlongo wake ndiye amafika m'kalasi atatopa kale. Ndibwerezenso, mwana wamkazi asakhale woyamba kusiya sukulu.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, choncho ndifulumire. Chinamwali chizichitika patchuthi, ndipo anankungwi tikhale nawo pansi kuti malangizo awo ndi athu azigwirizana. Ntchito zapakhomo muzigawira ana onse. Mwana akajomba masiku atatu, tiuzeni ife kapena amayi a Mother Group, tipitire limodzi kwa atsibweni ake.