Chisanu cha ku England muli ndi khanda m'manja

Moni amayi anzanga, komanso inu abambo amene mukumvera uku mukutsuka mbale. Kuno ku England Okutobala watha, mawotchi tabweza kale m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala dzuwa lizilowa 4 koloko isanakwane. Lero tikambirane za kulera khanda m'nyengo imeneyi, makamaka inu amene mwangobwera kumene, mulibe amayi anu kapena apongozi pafupi oti azikulangizani.

Tiyambe ndi kufunditsa. Kwathu mwana akatuluka m'chikuta timamukulunga ndithu: chipewa, juzi, shawelo, bulangete pamwamba. M'nyumba za kuno, momwe hita imayaka usiku, choopsa kwambiri si kuzizidwa ayi, koma kutenthedwa. Chipinda chogona khanda chizikhala pakati pa madigiri 16 ndi 20, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kwa chipinda sikadula. Musamayeze mwana pomugwira manja kapena mapazi, chifukwa zimenezo zimazizira ngakhale iye ali bwinobwino. Lowetsani dzanja pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Mukapeza thukuta, chotsani chovala chimodzi. Mukangolowa m'nyumba, m'basi kapena m'shopu, chipewa chivulidwe ngakhale ali mtulo, poti khanda limataya kutentha kudzera kumutu. Agone chagada m'kabedi kakekake, kutali ndi hita, popanda pilo, kabulangete kopepuka kalekeze m'mapewa. M'galimoto muvuleni jekete lokhuthala musanamumange pampando wake, chifukwa jekete limasiya mpata ndipo malamba sagwira thupi. Mangani kaye, bulangete libwere pamwamba. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kufika madigiri 38, musadikire kuti kuche, imbani 111, nambala ya thandizo la zaumoyo kuno.

Chitenje musachisiye m'sutikesi. Mwana akalimba khosi, muberekeni monga kwathu, ndipo mudzaona kuti kulira kwa madzulo kumachepa pamene inu manja ali pamphika. Ingokumbukirani kuti msana wanu ndi chofunda kale, choncho asavale zambiri, koma masokosi akhale okhuthala poti miyendo ili pamtunda. Nkhope isakwiririke. Tsiku limene pansi pagwa madzi oundana, chitenje chipume, mutenge pram, kangolo kokankhira mwana.

Tsopano chinyezi, chimene ambiri amachizindikira mochedwa. Kuno zovala sitiyanika pachingwe padzuwa miyezi imeneyi, ndiye tizovala ta mwana timadzaza pa hita, mawindo onse ali chitsekere. Madzi ochoka m'zovalazo amakakhala pakhoma lozizira ndi pagalasi, kenako kuseri kwa wadirobu kumamera nkhungu yakuda, imene imavutitsa chifuwa cha mwana. Yanikani m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono. M'mawa uliwonse tsegulani mawindo mphindi 10 ndi kupukuta madzi a pagalasi. Nyemba zikamawira, mphika uvundikiridwe. Nkhungu ikamabwererabe, jambulani zithunzi ndipo mwini nyumba muuzeni polemba, osati pakamwa pokha.

Dzuwa la kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi silokwanira kuti thupi lipange vitamini D, ndipo ife a khungu lakuda zimatikhudza kwambiri. Khanda loyamwa bere lizilandira mamaikulogalamu 8.5 mpaka 10 tsiku lililonse, a madontho. Lomwa mkaka wa m'chitini wopitirira mamililita 500 patsiku silifunikira, poti mumkakamo anaikamo kale. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi, 10. Inunso mayi, 10. Ikani kabotoloko pafupi ndi ketulo kuti musaiwale.

Tifike pa phala, pamene mtima umakhala pansi. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, ufa woyera wa ku South Africa wopezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa, monga Iwisa, umachita bwino. Polenta, ufa wachimanga wachikasu wa m'masupamaketi, ndi wamisere ndipo amachedwa kupsa. Tengani masupuni awiri aakulu a ufa ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi. Sungunulani ufawo m'madzi ozizira pang'ono musanathire m'madzi otentha, apo ayi mudzalimbana ndi mibulu. Takasani mpaka litayamba kubwata, chepetsani moto, lipse mphindi 10 mpaka 15. Mbaula yamagetsi imasunga kutentha ngakhale mwaichepetsa, n'chifukwa chake phala limapserera pansi. Sunthani mphika pambali kwa kanthawi. M'malo mwa nsinjiro, kasupuni kamodzi ka chiponde chosalala chopanda mchere ndi shuga kakwanira. Ulendo woyamba mulawitseni pang'ono chabe, m'mawa, kuti mumuone tsiku lonse ngati satuluka zidzolo kapena kutupa. Ngati ali kale ndi vuto la khungu, yambani mwafunsa adokotala. Mchere ayi, shuga ayi, uchi ayi mpaka atakwana chaka. Phala lisakhale lamadzimadzi: likamayenderera pasupuni ngati tiyi, mwana amakhuta madzi. Ndipo fungo la phala la chiponde m'khitchini, kunja kuli mdima wa 7 koloko m'mawa, limakufikitsa pakhonde la kwanu popanda tikiti ya ndege. Musalidye choimirira. Dzipakulireni lanu, mukhale pansi naye.

Tulukani tsiku lililonse kukadali kowala, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, ngakhale theka la ola. Malaibulale ambiri ali ndi nthawi yaulere yoimba nyimbo ndi makanda. Mumatenthera, ndipo m'menemo ndi momwe mumapezeka anzanu. Mukabwerako muimbireni zakwathu, muzimuyankhula m'Chichewa posamba ndi podya. Chingerezi adzachipeza kusukulu, sichithawa.

Mtima ukalemera kupitirira masabata awiri, misozi osaleka, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, uzani health visitor, namwino uja amabwera kunyumba n'kumalemba m'kabuku kofiira, kapena adokotala anu. Ndi matenda odziwika, ndipo amachizika.

Za agogo kumudzi: nyengo ino Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mukadikira kuti bambo aweruke 7 koloko, kwathu ndi 9, anthu agona. Imbani cha m'ma 3 koloko, kumeneko kusanade, agogo ali pamkeka panja pomwe netiweki imagwira. Tsamiritsani foni pa chitini cha ufa, mwana akhale pamiyendo panu ndi mbale yake, agogowo amuone akudzipaka phala kumaso, amutchule mfunda wake.