M'bale wanu wamangidwa ku Joni: kodi kazembe angamutulutse?

Moni nonse, kaya mukuonera muli ku Kawale, kwa Chinsapo, ku Area 25, kaya muli ku Joni komweko mwangoba kampata pantchito. Lero tikukamba za kumangidwa kunja kwa dziko, makamaka ku South Africa popeza n'kumene abale athu adzaza. Pali bodza limodzi limene ladyetsa mabanja ndalama zambiri muno mu Lilongwe, ndipo tilifika posachedwa, choncho musachoke. Ngati n'koyamba kutipeza, dinani subscribe ndi kabelu kaja pompano.

Zoyambira tizithamangira, ambiri mukuzidziwa. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ngati mlendo, osati wantchito. Mwadutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda, mwafika pa Beitbridge, akudindirani: yang'anani tsiku limene alemba pachidindopo, chifukwa nthawi zina sapereka onse 30. Mukapitiriza tsiku la pachidindolo ndi masiku ena osaposa 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitirira apo, zaka 5. Akakugwirani muli m'katimo ndiye mlandu, pansi pa lamulo lawo la Immigration Act la 2002, ndipo chilango chimatha kukhala chindapusa kapena ndende mpaka zaka 2, kenako kubwezedwa kumudzi. Za kutumiza pasipoti ndi munthu wa basi kuti akadinditse kumalire inu muli phee ku Johannesburg, zisiyeni. Chidindo chikapezeka chabodza, mlandu wake ndi wachinyengo, wolemera kuposa wopitiriza masiku uja.

Tsopano masitepe.

Choyamba. Wapolisi akakuimitsani, ali ndi mphamvu yofunsa mapepala osonyeza kuti muli m'dzikomo mololedwa. Osathawa, osakankhana naye. Akakayika, lamulo limamulola kukusungani mpaka maola 48 pamene akufufuza ku Home Affairs, unduna wawo woona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Ngati mapepala anu ali bwino koma mwawasiya kunyumba, nenani msanga kuti wina awabweretse pa siteshoni.

Chachiwiri. Nenani dzina lanu lenileni ndi keyala yeniyeni. Ambiri amatchula dzina lopeka poganiza kuti akudziteteza. Zotsatira zake, abale akuzungulira masiteshoni kufunsa dzina limene silili m'buku lililonse, ndipo kunama dzinako ndi mlandu winanso pawokha.

Chachitatu, ndipo apa tcherani khutu. Mukatha kunena dzina ndi keyala, khalani chete pa za mlanduwo mpaka mutaonana ndi loya. Gawo 35 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufuluwu kwa aliyense womangidwa. Mawu ake ndi akuti aliyense, sakunena za nzika zokha, ndiye ngakhale wopanda pepala ndi limodzi lomwe ali momwemo. Pa siteshoni adzakupatsani pepala la ufulu wanu, lotchedwa SAPS 14A. Kusaina limeneli n'kungovomera kuti akuuzani ufulu wanu, ndipo kope lake mulisunge. Koma sitetimenti yofotokoza zimene zachitika ndi nkhani ina. Yalembedwa ndi dzanja la wapolisi, m'Chingerezi chimene simukuchimva bwino, mwatopa, mwazizidwa, wina akukuuzani kuti "saina uzipita". Musasaine. Pemphani womasulira, pemphani loya. Katundu amene akulandani, foni, lamba, ndalama, alembedwe ndipo akupatseni lisiti. Funsaninso nambala ya mlandu, imene iwo amati CAS number, chifukwa loya aliyense adzayamba kufunsa imeneyo.

Foni ija yalandidwa, eti? Ndi angati mwa inu amene mungatchule nambala ya mkazi wanu kapena ya achimwene anu pamtima? Lembani mu ma comment moona mtima. Nambala ziwiri, ina ya ku Joni ina ya kuno, zikhale m'mutu kapena pakapepala m'thumba.

Chachinayi. Maola 48. Ayenera kukufikitsani kukhoti asanathe maola amenewa, koma akathera nthawi imene khoti silikugwira ntchito, mumadikira tsiku lotsatira la khoti. Womangidwa Lachinayi madzulo angathe kuonekera Lolemba, ndipo lamulo silinaphwanyidwe. Abale kuno musayambe kugulitsa mbuzi Loweruka poganiza kuti munthu wasowetsedwa.

Tafika pa bodza lija.

"Musadandaule, tiimbira a kazembe, amutulutsa." Abale anga, mawu amenewa timawamva m'maminibasi, pamaliro, m'magulu a WhatsApp, ndipo amatipweteka mtima chifukwa amachititsa anthu kukhala manja lende pa masiku amene akanafunafuna loya. Kazembe satulutsa munthu m'chitolokosi. Tibwereze: kazembe wa Malawi alibe mphamvu yolamula wapolisi, woimira boma pamlandu, kapena majisitireti wa dziko la eni. Ngakhale kazembe wa America kapena wa Britain alibe mphamvu imeneyo pa nzika zake. Musati n'chifukwa choti dziko lathu ndi losauka ayi, ndi mmene malamulo a pakati pa mayiko alili.

Zonsezi zimachokera m'pangano la ku Vienna la 1963 lokhudza ntchito za maofesi a ukazembe. Ndime 36 ya panganoli imanena zinthu zomveka. Mlendo akamangidwa, apolisi amuuze kuti ali ndi ufulu wodziwitsa ofesi ya dziko lake. Iye akapempha, adziwitse ofesiyo mosachedwa. Mwamva? Akapempha. Mukangokhala duu, palibe amene aimbe, ndipo ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria sadzalota kuti kuli M'malawi m'chitolokosi cha ku Germiston. Ndiye nenani ndi pakamwa panu, bwerezaninso pamaso pa majisitireti kuti zilembedwe.

Akadziwa, angachite chiyani? Angabwere kudzakuonani ndi kulankhula nanu. Angakuthandizeni kupeza loya. Angadziwitse abale kumudzi. Akaona kuti mukumenyedwa kapena mukumanidwa mankhwala, angadandaule kwa akuluakulu a dzikolo, ndipo dandaulo lochokera ku ofesi ya dziko limamveka kuposa la munthu wamba. Nthawi yobwerera ikakwana pasipoti itatayika, ndi iwo amene amatsimikiza kuti ndinu M'malawi n'kupereka chikalata choyendera chapangozi. Zimenezi si zazing'ono, ndipo n'chifukwa chake tikuti muwadziwitse. Koma pangano lomwelo, pa ndime 55, limawauza kuti azilemekeza malamulo a dziko limene akukhala ndipo asalowerere nkhani zake zam'kati. Sangathetse mlandu, sangachepetse chilango, sakhala loya wanu m'khoti, ndipo musayembekezere kuti alipira belo kapena chindapusa. Ali ngati gadiyani kuchipatala: amakuonani, amakutengerani uthenga, amafunsa pamene zinthu sizikuyenda, koma amene amasaina kuti mutuluke ndi wina.

Tangoganizani mbali inayo. Mlendo waba pa msika wa Tsoka, apolisi athu amugwira, mlandu wapita kukhoti la majisitireti muno mu Lilongwe. Mungamve bwanji kazembe wa dziko lake atangofika n'kunena kuti m'masuleni? Mungakwiye, ndipo mungakhale mukulondola. Eni dziko kumeneko nawonso amaona chimodzimodzi.

Chimene chimatikwiyitsa kwambiri ndi ichi: bodzali lili ndi anthu amene amadyerapo. Foni imalira kwa mayi wa ku Mtandire, munthu wolankhula Chichewa chabwinobwino, akuti akuimba kuchokera ku ofesi ya kazembe, mwana wanu wamangidwa, tumizani ndalama lero pa nambala iyi kuti atuluke mawa. Mayi akongola katapila, atumiza. Mawa lake foni yazima. Imvani, amayi: belo silipiridwa pa nambala ya foni ya munthu. Imalipiridwa kwa kalaliki wa khoti, pa siteshoni ya polisi kapena kundende, ndipo pamatuluka lisiti ya boma. Wina akakuimbirani, m'funseni dzina la siteshoni, nambala ya mlandu, khoti ndi tsiku. Wakuba amayamba kukalipa kapena kudula. Kenako pemphani m'bale kapena mnzanu wodalirika amene ali ndi mapepala abwino apite yekha pa siteshonipo akaone ndi maso. Kuno kwathu, khomo loyenera ndi Unduna Woona za Ubale wa Dziko Lino ndi Mayiko Ena ku Capital Hill. Pitani ndi dzina lonse monga lilili m'pasipoti, tsiku lobadwa, ndi kumene wamangidwira. Ku South Africa ofesi yaikulu ya Malawi ili ku Pretoria, ina ili ku Johannesburg.

Vidiyoyi itumizeni ku gulu la banja lanu pompano, makamaka kwa makolo, chifukwa ndi amene amaimbiridwa mafoni oterewa. Ndipo dinani like kuti YouTube iionetse kwa ena. Tipitirize.

Chachisanu, loya. Ngati mulibe ndalama, uzani majisitireti tsiku loyamba lomwelo kuti mukufuna Legal Aid. Bungwe la Legal Aid South Africa limaimira osauka pa milandu yaupandu, alendo omwe, ndipo maloya ake salipiritsa. Womasulira ndi ufulu wanunso. Tchulani chilankhulo chimene mumachimva bwino, Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Vuto lake n'lakuti womasulira akasowa mlandu umaimitsidwa, inu n'kubwerera m'chitolokosi, ndiye ena amangoti "ndimamva Chizulu" kuti zithe msanga. Chizulu chogulira tomato ndi Chizulu cha m'khoti n'zosiyana. Munthu amavomera mlandu asakudziwa kuti wavomera.

Chachisanu ndi chimodzi, belo. Apa mpamene mlendo amavutikira kuposa mwini dziko. Khoti limafuna kutsimikiza kuti simuthawa, ndiye limafunsa kumene mumakhala, wapolisi n'kupita kukaona. Mukhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu, mulibe pepala la lendi, mwininyumba akuopa apolisi n'kukana kuti sakudziwani: belo yavuta basi. Pempho la belo limatha kuimitsidwa mpaka masiku 7 nthawi imodzi pofuna kufufuza zoterezi. Choncho abale akunja konzani umboni wa keyala, kalata ya abwana ngati mumagwira ntchito mololedwa, ndi pasipoti. Ndalama ya belo imabwezedwa mlandu ukatha bola womangidwayo sanajombe kukhoti, koma amabwezera amene anailipira, akaonetsa lisiti. Lisitiyo ijambuleni, muisunge pouma.

Chachisanu ndi chiwiri. Pa milandu ing'onoing'ono angakuuzeni kuti lipirani admission of guilt muzipita. Kulipira kumeneko n'kuvomera mlandu, ndipo nthawi zambiri dzina lanu limalowa m'kaundula wa opalamula. Mudzazindikira patapita zaka, pofunsira pemiti kapena ntchito yofuna kalata ya kupolisi. Funsani loya musanalipire. Za "kozizilitsa kukhosi" kwa wapolisi pamsewu, dziwani kuti lamulo lawo la katangale limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Wapolisi akakumenyani kapena kukulandani ndalama, bungwe lofufuza apolisi ndi IPID. Lowezani dzina la pachifuwa ndi nambala ya galimoto, ndipo mabala akalembedwe ndi dokotala asanapole.

Chachisanu ndi chitatu, Lindela. Awa ndi malo a ku Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg, osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. M'chaka cha 2017 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo, pa mlandu umene anabweretsa a Lawyers for Human Rights, linagamula kuti wosungidwa podikira kubwezedwa aonekere yekha pamaso pa khoti m'maola 48. Malire a kusungidwa koteroko ndi masiku 120. Akapitirira, bungwe la Lawyers for Human Rights lomwelo ndi limodzi mwa amene amathandiza pa nkhani zotere. Pano mpamene ofesi ya kazembe imagwiradi ntchito, chifukwa popanda chikalata choyendera basi yobwerera simukwera.

Mwachidule kwa alongo athu opita ku Oman ndi mayiko ena a Aluya kukagwira ntchito zam'nyumba: kumeneko chilolezo chanu chimamangiriridwa kwa abwana, dongosolo limene amalitcha kafala. Mukathawa nkhanza, abwana amatha kukanena kupolisi kuti mwathawa ntchito, wofunidwa n'kukhala inu. Zimene tafotokoza za gawo 35 ndi za South Africa yokha, musazitengere kumeneko. Musanakwere ndege pa Kamuzu International Airport, jambulani pasipoti, viza ndi kontirakiti, musiye makope kunyumba, ndipo dziwani ofesi ya Malawi imene imayang'anira dziko limene mukupitalo.

Katundu wa eni womata kale, "ungondiperekera kwa mlamu wanga pa Park Station", m'tsegule pamaso pa mwini wake musanakwere basi. Chamba chikapezeka m'chikwama chanu pa Beitbridge, mlandu ndi wanu.

Sabata yamawa tidzatenga nkhani ya kuletsedwa kulowa zaka 5 ija: kalata yodandaula imalembedwa bwanji, amafuna mapepala ati, ndi zifukwa ziti zimene a Home Affairs amazimvera. Mafunso anu alembeni pansipa, koma chonde musaike dzina kapena nambala ya mlandu ya m'bale wanu pagulu, akuba aja amawerenganso ma comment.